Brunch ya ku Joni, pão wa ku Tete, nanga ife a pa Blantyre mmawa timadya bwanji?

Pa maiko onse atizungulirawa ine ndimaona kuti a Malawi ndi amene chakudya cha mmawa sitichiwerengera kwenikweni. Nsima ya masana timaipatsa ulemu, ya madzulo ndiye osanena, koma mmawa ndi tiyi womwa chiimirire, mandasi kumanja uku ukuthamangira minibasi ya ku Limbe, ena kungosukusula basi nkumapita. Ndipo si kuti zakudya zake tilibe ayi.

Nthawi yomwe ndinkakhala ku Joni kunali kalesitilanti kena ka munthu wa ku France komwe tinkapita Loweruka mwezi ukatha, amapanga ma crepe okhaokha, ma pancake opyapyala aja a ku France. Umafika cha mma 11 koloko, nthawi ija ya brunch yoti kadzutsa wadutsa koma nkhomaliro sinakwane, nkukhala mpaka 1 koloko popanda okuyang'ana ndi diso loti dzukapo. Ophikayo umamuona ali pompo. Chiwaya chake ndi chachitsulo chozungulira chopanda m'mphepete, amathirapo chipande chimodzi cha ufa wosakaniza kale wamadzimadzi, nkutenga kamtengo kakang'ono kukazunguliza kamodzi kokha, basi ufa uja wafalikira ponse, wopyapyala moti m'mbali mwake mumachita kukhukhuluza. Aswerepo dzira pakati, tchizi, ham, apinde mbali zinayi kusiya pachikasu pa dzira paja pakuonekera. Imeneyo amati galette complète, ndipo abale imakoma. Zotsekemera zimabwera pambuyo, ine ndinkakonda ya bata ndi shuga basi.

Koma chomwe chinandikhudza ndi mbiri yake. Galette kwawo ndi ku Bretagne, kumpoto chakumadzulo kwa France, ndipo ufa wake si wa tirigu, ndi wa mbewu ina yotchedwa buckwheat, wotuwa moderako. Mbewuyi imamera ngakhale pa nthaka yosauka pomwe tirigu amakanika, ndiye chinali chakudya cha alimi osauka a kumeneko. Eni ake sanachite nacho manyazi, anachisunga, anachikonzera malo ake okhala ndi matebulo, lero munthu ukulipira ma rand ambirimbiri ku Joni kuti udye chakudya cha amphawi a ku Bretagne. Ndipo chaka chilichonse pa 2 February dziko lonse la France limaphika ma crepe, tsiku lomwe amati Chandeleur.

Ku South Africa komweko brunch ndi ya anthu a ndalama, tisanamizane. Ku lokeshoni anthu amadya magwinya, omwe ndi mandasi athu omwewa kungoti amawang'amba nkuikamo polony kapena atchar. Ndiye a Joni sindiwayika patsogolo kwenikweni.

Amene amandigometsa ndi a Mozambique. Aliyense amene anayendapo pa basi kudzera pa Mwanza, kulowa Zobue mpaka Tete akudziwa pão, buledi uja wolimba kunja koma wofewa mkati, wophikidwa mmawa womwewo, osati wathuyu wa mu pulasitiki woti ukamufinya amasanduka kampira. Anatengera kwa Apwitikizi omwe anawalamulira mpaka 1975, koma pano ndi wawowawo, ku Maputo amaikamo badjia, tizitumbuwa ta khobwe tokazinga. Anthu aja buledi samasewera naye, mu September 2010 mtengo wake utakwera ku Maputo kunabuka zipolowe anthu mpaka kufa, boma linachita kubweza ganizo. Chokhacho nchoti tirigu wake ndi wogula kunja ngati ife tomwe.

A Tanzania nawo ali bwino, ukangowoloka Songwe kufika Kyela kapena Mbeya mmawa umapeza anthu atakhala pa benchi kwa amayi ophika, chapati ziwiri, supu wa nyama wotentha, tiyi wa mkaka wothira jinja, amadya modekha kenako nkumapita ku ntchito. Ndi zotchipa, za wina aliyense, koma munthu amakhala pansi. A Zambia ndiye ndi ife tomwe, ku Chipata ukapeza vitumbuwa ndi tiyi basi, palibe chosiyana.

Tsono taonani zomwe tili nazo kuno. Chigumu chotentha chongochoka pa makala, futali wa mbatata wothira nsinjiro zambiri, zitumbuwa za nthochi, chinangwa chophika chofumbutuka bwino, phala la mgaiwa lotendera, mapeyala nyengo yake ikafika, thobwa wozizira. Tiyi ndiye tikuchita kumuona ndi maso, Thyolo ndi pafupi pomwepa ndipo ku Mulanje anayamba kulimidwa cha mma 1890. Zonsezi sizifuna forex. Koma lowani mu lesitilanti ya mtauni mmawa, akupatsani soseji, nyemba za mchitini ndi buledi wowotcha, futali simumupeza, ndipo mlendo akabwera pakhomo timathamangira ku golosale kukagula buledi ndi majarini uku mbatata yabisidwa kukhitchini ngati ndi chinthu chochititsa manyazi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 buledi anakwera tonse tinalira, pomwe mbatata ya ku Bvumbwe inali mbwee pa msika. Zimenezi zimandipweteka mtima zedi.

Ena akuti aMalawi alibe ndalama zokadyera kunja mmawa. Ndikumva, zinthu zavutadi, koma Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi timakaima pa chiwaya kugula tchipisi, ndalama yake ndi yomweyo. Ine ndikulakalaka munthu mmodzi, kaya ku Chilomoni kaya ku Namiwawa kaya pa Ginnery Corner, atsegule malo a matebulo ochepa pamthunzi, oyera bwino, ophika azioneka akuphika, futali azibwera mu mbale yabwino ali wotentha, chigumu azichidula pamaso pako, tiyi wa ku Thyolo mu tiyipoti osati wothira kale shuga, ndipo azitsegula kuyambira 9 koloko mpaka masana. Ngati alipo kale amene akupanga zimenezi mu Blantyre muno chonde ndiuzeni komwe ali, Loweruka likubwerali ndipita ndi ana omwe.