Inu Othyola Loko wa Windows, Mukulowetsa Mbala M'nyumba

Ana anga, ndakhala ndikungoyang'ana, koma lero mundimve.

Sabata yatha mdzukulu wanga amene akuphunzira za unamwino anafika kunyumba maso ali gwa, atafiira ndi kulira. Laputopu yake, imene bambo ake anagula atagulitsa soya wa chaka chonse, inali itamanga mafayilo onse. Manotsi a m'kalasi, ntchito yoti apereke kwa aphunzitsi, zithunzi za ukwati wa mkulu wake, palibe chimene chinkatseguka. Pasikirini panali uthenga wa Chingerezi wofuna ndalama. Nditamufunsa mofatsa anaulula. Timawu ta pakona toti "Activate Windows", tosonyeza kuti Windows wake sanatsimikizidwe kuti ali ndi layisensi, tinkamuchititsa manyazi pamaso pa anzake, ndiye anapita nayo kwa mnyamata wina wa kashopu ka mafoni m'tauni. Mnyamatayo anatulutsa fulashi m'thumba, nanena kuti, "Sisi, tiyambe tazimitsa antivirus, imasokoneza." Mphindi khumi, timawu tija tachoka, K5,000 yapita, mwana akubwerera akumwetulira.

Taganizani bwino. Munthu wabwera kudzakukonzerani chitseko, ndipo mawu ake oyamba ndi oti mangirirani galu, muzimitsenso nyali ya pakhonde. Inu n'kumvera? Nanga bwanji pa kompyuta mumavomera osafunsa?

Ndikuuzeni chimene chimakhala mu fulashimo. Makampani akuluakulu ndi masukulu aukachenjede amagula malayisensi a Windows ambirimbiri pakamodzi, ndipo amakhala ndi kompyuta imodzi yotsimikizira zinzake kuti n'zovomerezeka. Njira imeneyi imatchedwa KMS, ndipo kompyuta iliyonse imayenera kukaonekera kumeneko pasanathe masiku 180. Timapulogalamu ngati KMSPico timanamizira kukhala kompyuta yotsimikizirayo. Ndiye kuti timapulogalamuti sitigwira ntchito kamodzi n'kuchoka ayi. Timakhazikika m'katimo, tili ndi mphamvu zonse za mwini nyumba, kuti tizibwereza bodzalo. Amene anatiyika pa intaneti simukumudziwa, ngakhale mnyamata wa kashopu uja samudziwa. Mu 2021 akatswiri a chitetezo cha makompyuta anapeza kuti KMSPico wina amene anthu ankatsitsa anali atabereka pulogalamu yakuba yotchedwa CryptBot, imene imakokolola mapasiwedi osungidwa mu kompyuta. Imelo yanu, Facebook yanu, akaunti ya kubanki. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsopano za lamulo, popeza apa ndi pamene achinyamata mumandiyankha mokweza. Mumati, "Agogo, kompyuta ndinagula ndi ndalama zanga, ndichita nayo zimene ndikufuna." Chitsulocho n'chanu, eya. Koma Windows simunaigule ngati mmene mumagulira njinga. Munapatsidwa chilolezo choigwiritsa ntchito, ndipo munavomera mfundo zake tsiku limene munadina batani osawerenga. Lamulo la Malawi la Copyright Act la 2016 limateteza mapulogalamu a kompyuta pamodzi ndi mabuku ndi nyimbo. Tonse tinkadandaula oimba athu akumwalira ali amphawi pamene anyamata a m'misika ankakopa nyimbo zawo n'kumagulitsa, tinkafunsa kuti kodi a COSOMA ali kuti. Mlandu wake ndi womwewo. Mayiko ambiri anafika patali kuposa apo: pangano la 1996 la WIPO, bungwe la dziko lonse loteteza eni luso, linauza mayiko olisainira kuti ateteze maloko amene eni mapulogalamu amaika poletsa kukopa, ndipo ku America lamulo la DMCA la 1998 linanena kuti kuthyola lokoyo pakokha ndi kulakwa.

Inu aphunzitsi aakulu ndi eni masukulu apulayiveti, mvetserani nkhani ya Alexander Ponosov. Anali mphunzitsi wamkulu pasukulu ya m'mudzi wa Sepych ku Russia. Sukulu yake inagula makompyuta okhala kale ndi Windows wachinyengo, ndipo amene anaima m'khoti anali iyeyo. Nkhaniyo inakula mpaka Mikhail Gorbachev, mtsogoleri wakale wa Soviet Union, analembera Bill Gates wa Microsoft, kampani yopanga Windows, kumupempha chifundo. Mu 2007 khoti linamulipiritsa, ndipo anayeretsedwa mu 2008 atavutika kale m'makhoti. Mawu oti "ndinazipeza zili choncho" sanamupulumutse msanga.

Musaganize kuti ndikuikira kumbuyo makampaniwa. Nawonso anachitapo zonyansa, ndipo ndimakwiya nazo. Microsoft inayamba kukakamiza anthu kutsimikizira Windows pa Windows XP mu 2001. Kenako inabweretsa Windows Genuine Advantage, pulogalamu yofufuza ngati Windows wanu ndi weniweni, ndipo mu 2006 inalowetsa mbali ina ya pulogalamuyo m'makompyuta a anthu ngati kuti ndi update yofunika kwambiri, chigamba chotseka mipata yolowera akuba, chonsecho inkatumiza uthenga ku kampaniyo tsiku ndi tsiku eni ake osauzidwa bwino. Anthu ku America anakasuma kuti umenewu ndi ukazitape, ndipo ngakhale mlanduwo sunawakomere, kampaniyo inali itasiya kale kufufuza kwa tsiku ndi tsiku kuja chifukwa cha phokoso. Mu Ogasiti 2007 makina awo otsimikizira anasokonekera, anthu masauzande amene analipira mwachilungamo n'kutchedwa akuba. Mu 2008 ku China sikirini ya aliyense woganiziridwa inkada bii ola lililonse, ndipo loya wina, Dong Zhengwei, anakadandaula kuboma kuti kampaniyo ikulowerera makompyuta a eni. Choipitsitsa anachita a Sony BMG mu 2005: ma CD awo a nyimbo ankabisa pulogalamu yoletsa kukopa m'kati mwenimweni mwa Windows, imene akuba enieni anayamba kubisalamo. Katswiri wa makompyuta Mark Russinovich ataziulula, boma la Texas linawasumira, ndipo kampaniyo inachita kuitanitsa ma CD aja n'kulipira anthu. Ku Ulaya, khoti lalikulu la European Union linagamula mu 2012, pa mlandu wa UsedSoft ndi Oracle, kuti wogula layisensi yosatha ali ndi ufulu woigulitsa kwa wina.

Choncho loko ndi wololedwa, koma mwini loko nayenso ali ndi malire. Onani kuti onse amene anabweza makampaniwa m'mbuyo anachita zimenezi poyera, ndi maloya, manyuzipepala ndi makhoti. Palibe anapambana poika fulashi ya mlendo mu kompyuta ya mwana wake.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti ambiri a inu mukuba chinthu chimene muli nacho kale. Malaputopu akaunjika amene amabwera kuchokera ku Joni, ku Dubai kapena ku UK, ambiri a iwo amene anapangidwa kuyambira pa Windows 8 mu 2012, ali ndi kiyi wa layisensi wolembedwa m'kati mwa makina momwemo. Mukaikamo Windows wa mtundu woyenera, Windows Home pa kiyi wa Home, amadzitsimikizira yekha mukalumikiza intaneti. Koma anyamata athu, pofuna kuthamanga ndi kudzionetsa, amafufuta zonse n'kuikamo mtundu wina, Windows Pro, kiyi uja n'kusagwirizana naye, kenako n'kukulipiritsani kuti athyole loko amene autseka okha. Laputopu ya mdzukulu wanga inali yotero. Tinazindikira zitavuta kale.

Enanso mumagula makiyi otchipa kwa anthu osadziwika pa Facebook ndi WhatsApp, miyezi ingapo kiyi watsekedwa, wogulitsa wasintha nambala. Ena mumazimitsa ma update kuopa kuti Microsoft ikugwirani. M'mwezi wa Meyi 2017 vayirasi ya WannaCry inagwetsa makompyuta m'mayiko oposa 150, mpaka zipatala za NHS ku Britain, kumene ana athu ambiri amagwira unamwino, zinabweza odwala. Chigamba chotseka mpata umenewo chinali chitatuluka kale mu Malichi. Amene anagwa ndi amene sanachiike. Dziwaninso kuti Windows 10 inasiya kulandira zigamba za nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025.

Ngati ndalama ya layisensi palibe, si manyazi, tonse tikuona mmene kwacha yaliulira. Koma njira yoyera ilipo. Ubuntu, mtundu wa Linux woyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mu 2004, n'kuitcha dzina lofanana ndi umunthu wathu uja, ndi yaulere mwalamulo. Linux Mint chimodzimodzi, ndipo imayenda bwino ngakhale pa makina okalamba. LibreOffice imalemba makalata ndi kuwerengetsa ndalama popanda kubera munthu. Ponosov yemwe uja atatuluka m'mavuto anayamba kulimbikitsa masukulu a kwawo kugwiritsa ntchito mapulogalamu aulerewa.

Inu amene kompyuta yanu inathyoledwa kale, musadikire. Koperani zofunika pa chosungira china lero, sinthani mapasiwedi onse pogwiritsa ntchito foni kapena kompyuta ina, kenako mufufute zonse n'kuikamo Windows wotengedwa kwa Microsoft weniweni kapena Linux. Ndipo inu anyamata a m'mashopu, ndinu ana athu, luso muli nalo. Muziyamba mwaona ngati makinawo ali ndi layisensi yake musanakhudze chilichonse.

Mdzukulu wanga akukopera manotsi kwa anzake usiku uliwonse, mayeso ali pafupi. Zithunzi za ukwati zija sanawauzebe mayi ake kuti zinapita.