Kupinimbira kwa ana: ife tinayeza magazi, ku Zambia anasuzumira m'matumbo

Thabwa loyezera msinkhu kusikelo limaulula mochedwa. Mlangizi wa zaumoyo akamalemba m'kabuku kuti mwana wapinimbira, m'thupi zinthu zimakhala zitasokonekera kale. Pa chiwerengero ife ndi anansi athu sitisiyana kwenikweni: kafukufuku wa 2015-16 anapeza kuti ku Malawi ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, pomwe ku Zambia mu 2018 anali 35. Tinasiyana kumene tinakafufuza gwero lake.

Kuno akatswiri anayeza magazi a ana 313 akumidzi, zotsatira n'kutuluka mu 2016. Opinimbira anali operewera ma amino acid, tizidutswa tomangira thupi tochokera ku mazira, nsomba, nyama ndi nyemba. Wodziwa mbale ya kumudzi sangadabwe: m'mawa phala lamgaiwa lothira mchere wokha, masana nsima ya masamba opanda ngakhale nsinjiro. Choncho ku Mangochi ofufuza ena anagawa pawiri ana 660, theka n'kumalandira dzira limodzi tsiku lililonse kwa miyezi isanu ndi umodzi. Msinkhu wawo sunapose wa anzawo aja. Ena amati n'chifukwa choti ana a kunyanja amadya kale usipa, koma ine yankho limenelo silindikhutitsa palokha.

Ku Lusaka, madokotala ofufuza Beatrice Amadi ndi Paul Kelly anatsatira ana a mu komboni ya Misisi amene ankapatsidwa zakudya zowonjezera koma osakula, n'kuwalowetsa kachubu kokhala ndi kamera mpaka m'matumbo. Tinthu tonga ubweya tomwe timayamwa chakudya tinali titafupika, tizilombo toyambitsa matenda tili mbwee. Matumbo oterewa akhoza kukhala mwa mwana wosatsegula m'mimba n'komwe, wongokwawa pabwalo n'kumatola dothi losakanikirana ndi zitosi za nkhuku, amayi ake akuti ali bwinobwino. Apa a ku Zambia anatiposa, chifukwa anaonetsa mmene mwana angadye dzira koma thupi osalilandira mokwanira.

Musafulumire kunena kuti mankhwala ake ndi chimbudzi. Ku Zimbabwe, pa kafukufuku wa SHINE, anamangira mabanja zimbudzi, kuwapatsa sopo ndi posambira m'manja, koma msinkhu wa ana sunasinthe. Amene anatalikako, ndipo pang'ono chabe, ndi omwe ankalandira chakudya chowonjezera chonga chiponde.