Kagalasi kamodzi, K350,000?

Ndinachita hayala vani ku Blantyre kukatenga mpunga ku Nsanje. Pobwerera, pa Ngabu, mbuzi inangoti tulukiru mumsewu. Poizemba ndinakhula mtengo, galasi lakumanzere thyo! Lokhalo basi.

Pokabweza vaniyo eni ake akuti, "Bambo, mulipira ekisesi, K350,000." Nanga inshulansi ndinalipira ija ndi ya chiyani? Akuti ndalama zoyambirira umalipira wekha, inshulansi imayambira pamwamba pake. Zinalembedwadi, koma m'timalemba tonga nyerere, patsamba lachitatu.

Makaniko wa pa Nchalo akuti galasilo silifika ngakhale theka la ndalamazo. Eni vani aja aphatikizanso bampala yopindika yomwe ndinaipeza ili choncho. Mwayi wake ndinaijambula pafoni ndisananyamuke. Ndawauza kuti andionetse kaye lisiti la kugalaja, apo ayi sawona tambala yanga.

Mbuzi ija ikungodya msipu pa Ngabu.