Nyama ya mu labu ndingadye, koma nkhawa ilipo

Alembi, mwafunsa ngati Amalawi tingadye nyama yopangidwa mu labotale. Ineyo ndingadye, bola mtengo ukhale wabwino. Ena akuti ndi pulasitiki, koma ayi. Amatenga maselo a chiweto chamoyo osachipha, n'kumawadyetsa shuga ndi michere m'matanki mpaka achuluke. Singapore inaloleza nkhuku yotereyi mu 2020, America mu 2023, pomwe Italy inailetsa chaka chomwecho.

Kuno ku Lilongwe ambiri tikudyera nsima ma soya pieces sabata yathunthu chifukwa nyama ya ng'ombe pa butchala yakwera mtengo. Ikadzafika pa chiwaya ku Kawale kapena ku Area 25 yotchipa, yothira tsabola ndi mchere, anthu adzaima pamzere ndithu.

Chondivuta n'china. Pa chinkhoswe ankhoswe amasinthana tambala ndi thadzi, mlendo timamuphera nkhuku, nthutumba n'kupatsa wamkulu. Ya m'thanki nthutumba ilibe. Abale athu achisilamu nawonso adzafuna kudziwa ngati ili halaal. Nanga mayi wa ku Mitundu amene amalipira fizi ya ana pogulitsa mbuzi ziwiri, mbuzizo adzagula ndani? Zimenezo, alembi, simunazitchule.