Amene anabaya Caesar sankadziwa kuti ali mu 44 BC

Agogo anga ukawafunsa kuti anabadwa liti amangoti, "Chaka cha njala yaikulu." Adzukulu amaseka, wina n'kuwakonza kuti ndi 1949. Kuseka kumeneku kumandiwawa mumtima, chifukwa anawa akuyesa kuti manambala a pa kalendala ya pakhoma ndiwo nthawi yeniyeniyo.

Taonani chaka chimene Julius Caesar, mtsogoleri wa Aroma, anaphedwa ku Rome, pa 15 Malichi. Kusukulu tinaloweza kuti ndi 44 BC, koma pa anthu onse amene anali moyo tsiku limenelo panalibe wodziwa nambala imeneyi. Aroma ankati ndi chaka chimene Caesar ndi Mark Antony anali pa udindo waukulu wa boma. Chaka ankachitchula ndi maina a anthu, ngati mmene agogo amachitchulira ndi njala. Tikawerenga kuyambira pamene mzinda wawo unakhazikitsidwa, chimakhala chaka cha 710. Agiriki ankatsata masewera a ku Olympia ochitika zaka 4 zilizonse. Pa zigawo za zaka 4 zimenezi, tsiku la imfa ya Caesar linagwa kumapeto kwa chigawo cha 183, ndipo cha 184 chinayamba patangopita miyezi yochepa. Ku China chinali chaka chachisanu cha ulamuliro wa mfumu Yuan. Pa kalendala ya Ayuda ya masiku ano ndi 3717, koma chisanathe 44 BC yathuyo inali italowa kale 3718.

Nanga kawerengedwe kathuka tinakatenga kuti? Kwa mmonke wina, Dionysius Exiguus, yemwe mu 525 ankakonza masiku a Pasaka. Sanafune kupitiriza kuwerenga zaka kuyambira pa Diocletian, mfumu imene inazunza Akhristu, ndiye anayambira pa kubadwa kwa Yesu. Cholinga chake ndimachilemekeza kwambiri. Koma anaphonya pang'ono: akatswiri ambiri amati Herode anamwalira mu 4 BC, pamene Yesu anabadwa Herodeyo akadali moyo. Komanso chaka cha 0 kulibe, ukachoka mu 1 BC walowa mu AD 1. Anzathu a ku Ethiopia anawerenga kubadwa komweko mwanjira yawo, n'chifukwa chake kalendala yawo ili m'mbuyo ndi zaka 7 kapena 8 mpaka lero.

Aphunzitsi a mbiri, chonde muziwauza ana zimenezi musanawapatse madeti oti aloweze. Kwathu ndawauza adzukulu aja kuti 1949 alembe m'kope, kenako akakhale pamphasa afunse agogo kuti chaka chimenecho anthu ankadya chiyani.