Fred, George ndi Homer si zitsiru, ndi anthu aganyu ya abwana

Nthawi zonse nkhani ya abambo a m'makatuni akale ikabuka, wina amati onsewo ndi amodzi, zitsiru zamimba zokonda kudya ndi kugona pampando. Zoti ndi ofanana ndikuvomera. Koma chimene chimawafananitsa si uchitsiru ayi. Ine makatuniwa ndawaonera kuyambira ndili mwana mpaka lero, ndipo chimene ndimaona mwa Fred Flintstone, George Jetson ndi Homer Simpson ndi bambo wogwira ntchito ya munthu wina, woopa kuchotsedwa, amene madzulo alionse amabwerera kwa mkazi ndi ana ake.

Taonani mmene The Flintstones imayambira. Fred ali pamsana pa chinyama chachikulu ku kwale, akunyamulitsa miyala. Kapitawo wayang'ana wotchi, wakoka mbalame, mbalameyo yakuwa ngati belu loweruka. Fred sachedwa n'komwe, watsetsereka pamchira wa chinyamacho mpaka m'galimoto, ulendo wa kunyumba. Katuni imeneyi inayamba mu 1960. Ndiye pitani ku The Simpsons ya mu 1989. Homer ali kumalo opangira magetsi a nyukiliya ku Springfield, wapana kachitsulo koopsa kowala mobiriwira. Belu loweruka likangolira, wavula chovala cha kumutu, watembenuka, kachitsulo kaja kadumphira kumsana kwake iye osadziwa, mpaka akukakachotsa ali kale pamsewu. Zaka 29 pakati pawo, koma onse awiri timawapeza pa mphindi imodzimodzi, mphindi yoweruka. Ojambula akanatha kutionetsa bamboyo ali pabalaza kapena akusewera ndi mwana, koma anasankha kutionetsa chimwemwe cha munthu amene wamasuka m'manja mwa bwana.

George Jetson wa mu The Jetsons ya mu 1962 yekha ndiye timamuona akupita kuntchito. Amatsitsa ana ake Elroy ndi Judy kusukulu, mkazi wake Jane amamulanda chikwama chonse cha ndalama n'kumusiyira pepala limodzi lomwe iye amafuna kumupatsa, kenako amafika ku Spacely Space Sprockets. Dziko lake ndi la m'tsogolo, nyumba zili m'mwamba, wantchito wa pakhomo ndi loboti dzina lake Rosie, ntchito ya George ndi kungodina batani. Koma bwana ndi yemwe uja. A Spacely, munthu wamfupi wa mawu ngati bingu, amatulukira pa sikirini n'kumukalipira, ndipo kumuchotsa ntchito ndi nkhani ya kawirikawiri. Fred ali ndi a Slate. Homer ali ndi a Burns, amene zaka zonsezi sakumbukira ngakhale dzina lake, amachita kufunsa wothandizira wawo Smithers kuti kodi uyu ndi ndani. Nthawi ya miyala, nthawi yathu ino, nthawi ya magalimoto owuluka, konseko bambo ndi wamng'ono pamaso pa mwini kampani.

Ngakhale mathero a makatuniwa amafanana. Fred watulutsa mphaka panja, mphakayo walowera pawindo n'kumutsekera iye kunja, Fred akumenya chitseko usiku akuitana mkazi wake Wilma. George akuyendetsa galu wake Astro pa makina othamangirapo, makina amusokonekera, akukuwa kuitana Jane. Amuna awiri odzitama kuti ndi mitu ya mabanja, onse akulira dzina la mkazi kuti awapulumutse. Pano ndinenepo kuti Wilma, Jane ndi Marge, mkazi wa Homer, anapatsidwa gawo lochepa kwambiri poyerekeza ndi nzeru zawo. Nthawi zambiri ntchito yawo ndi kukonza zimene mwamuna waononga, basi. Chimenecho chimandidandaulitsa, ndipo ndi nkhani yofunika tsiku lakelake.

Kufanana kumeneku sikunachitike mwangozi. William Hanna ndi Joseph Barbera ndi omwe anapanga The Flintstones ndi The Jetsons zonse ziwiri, ndipo Mel Blanc, amene ankalankhula mawu a Barney Rubble, mnzake wa Fred, ndi yemwenso ankalankhula a Spacely. Fred nayenso ali ndi kholo lake. Anthu ambiri amamuona ngati mwana wa Ralph Kramden, dalaivala wa basi wa ku Brooklyn mu sewero la pa TV la The Honeymooners la m'ma 1950, munthu wapakamwa, wa mapulani olemera msanga omwe sankatheka. Fred anatengera zonsezo, ndipo poyamba analibe mwana. Mwana wake Pebbles anabadwa mu 1963, ndipo kwa ine Fred weniweni anayambira pamenepo, chifukwa mkwiyo wake uja unapeza pofewera. Homer anadzatengera kwa Fred ndevu zongomera zija zozungulira pakamwa, chikondi cha masewera a bowling, ndi malo othawirako ndi anzake. Fred ali ndi kalabu yake ya Water Buffaloes, Homer ali ndi bala ya Moe. Koma Matt Groening, amene anapanga The Simpsons, anachita chinthu chimene chimandigwira mtima. Dzina loti Homer ndi la bambo ake omubereka. Munthu sapereka dzina la bambo ake kwa munthu amene akufuna kuti dziko lizingomunyoza.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi okonda katuni ya Family Guy. Peter Griffin wa mu 1999 ali ndi mimba, ali ndi mowa, ali ndi mkazi wanzeru, zonse zapamwambazo anatenga. Koma mmene amachitira ndi mwana wake Meg, kumunyoza ndi kumuchititsa manyazi chaka ndi chaka popanda kumva chisoni, ine sindiseka. Anatengera chikopa cha Fred ndi Homer, mtima n'kuusiya. Sindikuti Homer ndi woyera. Zija zokanyanga mwana wake Bart pakhosi sindinazikondepo ngakhale ndili mwana. Kusiyana kwake n'koti Homer akalakwa zimamupweteka, ndipo amayesa kukonza, ngakhale mokhotakhota. Bob Belcher wa Bob's Burgers, yomwe inayamba mu 2011, ndi amene ndimamuona ngati mdzukulu weniweni wa mzerewu. Alibe bwana womukalipira, koma ali ndi lendi yomusowetsa tulo, ndipo ana ake amawamvetsera.

Amene akukayikabe akaonere gawo la The Simpsons lotchedwa And Maggie Makes Three, la mu January 1995. Ana a Homer, Bart ndi Lisa, akuona buku la zithunzi za pabanja, akudabwa kuti zithunzi za Maggie, khanda la m'banjamo, mulibemo. Homer akuwafotokozera. Atamaliza kubweza ngongole zake zonse, anasiya ntchito kwa a Burns mokondwa, n'kukayamba ntchito imene ankailakalaka, kumalo osewerera bowling. Malipiro anali ochepa, koma ankakwanira banja la anthu anayi, ndipo munthuyo ankadzuka m'mawa akusangalala. Kenako Marge anaima. Ndalama sizikanakwananso. Homer anabwerera kukapempha ntchito yake yakale, ndipo anamulowetsa mu ofesi ya bwana chokwawa, kudzera pa kakhomo kakang'ono ngati ka galu. A Burns anamulandira, koma anakhoma chikwangwani kutsogolo kwa pomwe amakhala, chomukumbutsa kuti asaiwale, pamalopo adzakhalapo mpaka kalekale.

Anafika kuchipatala mtima uli zii, osafuna n'komwe kusangalalira mwanayo. Kamwanako kanangomugwira chala chachikulu, basi, munthu anasungunuka. Ana aja atafunsanso kuti nanga zithunzizo zili kuti, Homer anati amazisunga kumene amafunikira chilimbikitso kwambiri. Ndiye akutionetsa chikwangwani chija kuntchito. Wamatapo zithunzi za Maggie, zaphimba zilembo zina, mawu otsalawo akungomuuza kuti achite zonsezi chifukwa cha mwanayo.