Tsegulani pasipoti musanachoke pa windo la boda

Ana anga, ndi inu abale nonse amene mwamanga kale zikwama kuti muwoloke malire, khalani pansi kaye. Pali khalidwe lina lafala kwambiri ndipo likuliza mabanja ambiri. Munthu amafika pa windo la boda, wa Immigration amudindira, iye n'kulandira pasipoti osaitsegula n'komwe, n'kuiponya m'thumba chifukwa choti basi ikuliza hutala panja. Akafunsidwa kuti wapatsidwa masiku angati, amangoti, "Ife a SADC sitifuna viza." Mawu amenewa ndi amene agonetsa ambiri m'chitokosi.

N'zoona kuti mwini pasipoti ya Malawi safunika viza kuti akacheze ku Zambia, ku Mozambique, ku Tanzania, ku Zimbabwe kapena ku South Africa. Koma chimene amakupatsani pa boda ndi chilolezo cha mlendo, chokhala ndi masiku owerengeka. Ku South Africa ndi masiku 30. Ku Mozambique ndi 30. Ku Tanzania amafika 90. Ku Zambia mlendo wongocheza ali ndi masiku 90 pa miyezi 12, koma kawirikawiri amayamba kumudindira 30, otsalawo akapemphe ku ofesi ya Immigration oyambawo asanathe. Wopita ku Zambia pa nkhani za bizinesi ali ndi masiku 30 okha pa miyezi 12 yonseyo. Ndipo mvetsani ichi: manambala amenewa ndi mlingo wa pamwamba. Ofesala ali ndi mphamvu yokupatsani masiku ochepa ngati sanakhutire ndi mayankho anu kapena ndalama zimene mwanyamula. Chimene chimagwira ntchito ndi tsiku lolembedwa pa chidindo, osati zimene anakuuzani msuweni wanu amene anapita chaka chatha.

Tsono mukalandira pasipoti, imani pomwepo. Pezani tsamba limene adinda, onani ngati tsiku lolowera likuwerengeka, onani tsiku lomaliza kapena chiwerengero cha masiku chimene alemba ndi cholembera. Ngati inki yafufutika kapena 30 akuoneka ngati 3, funsani nthawi yomweyo mwaulemu. Mukafika ku Musina kapena ku Chipata, palibenso amene angakukonzereni.

Opita ku Joni pa basi, werengani zidindo zanu. Chotuluka ku Mwanza, cholowa ku Zobue, chotuluka ku Cuchamano, cholowa ku Nyamapanda, chotuluka ku Beitbridge mbali ya Zimbabwe, ndi cholowa mbali ya South Africa. Zisanu ndi chimodzi popita, zisanu ndi chimodzi pobwera. Chikasowa chimodzi, mudzavutika kufotokoza mmene munadutsira m'dzikolo. Ichinso n'chifukwa chake masamba a pasipoti amatha msanga kwa oyendayenda. South Africa imafuna masamba awiri opanda kanthu, ndi pasipoti yoti ikhalabe ndi mphamvu masiku 30 kuchokera tsiku limene mukufuna kutulukamo. Koma maiko amene mudutsemo amafuna itatsala ndi miyezi 6, ndiye werengerani miyezi 6. Pasipoti yonyowa ndi mvula, yothothoka tsamba, kapena imene mwana anajambulamo, akhoza kukubwezani nayo ngakhale masiku ake alipo.

Apa ndiye pagona nkhani, pa kupitiriza masiku, kumene achinyamata mumati ovasiteyi. Kale munthu ankalipira faindi pa Beitbridge n'kumapita. Kuyambira mu 2014 South Africa inasintha malamulo. Tsopano pa windo lotulukira amakulembani kuti ndinu undesirable, kutanthauza munthu wosafunikanso m'dzikolo. Mukapitiriza ndi masiku osaposa 30, mwaletsedwa kulowa kwa miyezi 12. Mukabwereza zomwezo pasanathe miyezi 24, ndi zaka ziwiri. Mukapitiriza ndi masiku oposa 30, ndi zaka zisanu. Tsiku limodzi lokha likukwanira kukutsekerani chaka chathunthu. Ngati chidindo chikuti 14 Juni, pa 14 Juni muzikhala mutadindidwa chotulukira, osati muli pa Park Station, pokwerera mabasi ku Johannesburg, mukutsutsana mtengo wa katundu. Kuchoka ku Johannesburg kufika ku Beitbridge ndi makilomita oposa 500, basi imafa pa njira, ndipo mu Disembala mzere wa pa boda umatha kudya tsiku lonse. Nyamukani kutatsala masiku atatu. Amene anachedwa chifukwa chogonekedwa m'chipatala ali ndi mwayi wochita apilo ku Home Affairs, unduna woona za olowa ndi otuluka m'dzikolo, koma apilo imayenda ndi umboni, ndiye makalata a dokotala musataye.

Ndiye pali nzeru ina yopusa imene mwatulukira, yopereka pasipoti kwa dalaivala kapena kondakitala kuti "akaidinditse" pa boda inu muli phee ku Joni. Ana inu, mukudziwa chimene mukugula? Kulowa ndi kutuluka kwa munthu kumalembedwa mu kompyuta. Chidindo chikhoza kuoneka bwino pa pepala, koma ofesala akaika pasipoti pa makina n'kupeza kuti kompyuta sikudziwa za ulendo umenewo, mlandu wanu sulinso wopitiriza masiku. Wasanduka wachinyengo. Dalaivala uja adzakhala ali pa msewu akumwa tiyi, inu mukuyankha nokha. Pasipoti zina sizibwerera n'komwe, mumangouzidwa kuti zinalandidwa.

Chidindo cha mlendo sichilola ntchito. Kaya ndi ya m'nyumba, kaya ya m'galaja, kaya ya pa famu, lamulo silisiyanitsa. Ndipo ku South Africa munthu amene walowa ngati mlendo saloledwa kusintha n'kupempha viza ya ntchito ali momwemo, kupatula pa zifukwa zochepa zapadera. Viza imapemphedwa muli kuno, kudzera ku ofesi ya kazembe wa dzikolo ku Lilongwe. Ya ntchito imafuna kalata ndi mgwirizano wochokera kwa wolemba ntchito, kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, lipoti la dokotala, ndi mapepala a sukulu oyesedwa ndi SAQA, bungwe la ku South Africa loona za masatifiketi. Ya sukulu imafuna kalata yoti sukuluyo yakulandirani, umboni wa ndalama, ndi inshulansi ya chipatala yovomerezeka kumeneko. Ilipo ya okalandira chithandizo cha mankhwala, iliponso ya okakhala ndi wachibale, koma ya wachibaleyi sikupatsani ufulu wogwira ntchito. Njira yake ndi yaitali, inde, ndipo si onse amene amapatsidwa. Koma amene akukuuzani kuti mumutumizire ndalama pa foni akupangireni "pemiti" pa sabata imodzi akukugulitsani pepala la ku fotokope. Za asayilamu musayerekeze. Pepala limenelo ndi la othawa nkhondo kapena chizunzo, ndipo wonena kuti wathawa kwawo n'kumabwera kudzadya Khirisimasi wadzitsutsa yekha. Wogwidwa wopanda mapepala amatsekeredwa, nthawi zina amayamba wagwira ukaidi, kenako n'kupita ku Lindela ku Krugersdorp kukadikira galimoto yomubweza. Katundu yense amene anasonkhanitsa amatsala m'manja mwa eni nyumba.

Za matransipota amene amati, "Pasipoti n'njachiyani, ife timadziwa njira," ndilankhule mosabisa. Njira yawoyo ndi ya m'tchire usiku, ndi kuwoloka Limpopo wa ng'ona, kumene achifwamba amadikirira anthu amene sangakadandaule kupolisi. Atsikana ndi amene amaona zoopsa kwambiri. Ena amatsekeredwa m'nyumba akafika, abale kuno n'kumaimbiridwa foni kuti awonjezere ndalama. Mu Malichi 2020, m'boma la Moatize ku Tete, anthu 64 ochokera ku Ethiopia anapezeka atafa m'kontena ya galimoto imene inachokera kuno ku Malawi. Anabanika. Iwonso anali atalipira munthu wodziwa njira. Makolo inu amene mumagulitsa ng'ombe kuti mupereke kwa transipota, ndalama yomweyo ikanakwanira pasipoti ndi tikiti ya basi. Pitani nokha ku ofesi ya Immigration ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu kapena Mangochi ndi chiphaso cha unzika, lipirani pamalo ovomerezeka, sungani lisiti. Madobadoba a pa geti asiyeni.

Inu a m'malire, a ku Muloza, ku Dedza, ku Chiponde, ku Mchinji ndi ku Songwe, ndikudziwa kuti tsidya linalo muli ndi azakhali ndi minda. Boda pasi ndi yoti mukafike pafupi, ku Milange, ku Mandimba, ku Chipata kapena ku Kyela, n'kubwerako m'masiku olembedwapo. Si yopitira ku Nampula, ku Lusaka kapena ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam. Chiphaso cha unzika pachokha si chiphaso choyendera. Kulankhula Chinyanja chofanana ndi cha ku Chipata sikukusandutsani mzika ya Zambia pa rodibuloko.

Amalonda, nenani zoona pa windo. Mukati mukukacheza kwa achemwali koma mwasenza mabelo asanu, mwadzipalira nokha. Pakati pa Malawi, Zambia ndi Zimbabwe pali ndondomeko ya COMESA ya amalonda ang'onoang'ono, yolola katundu wosaposa madola 2,000 a ku America kudutsa ndi fomu yachidule, bola akhale pa mndandanda umene maikowo anagwirizana. Izi zimachotsa msonkho wa kasitomu pa katundu ameneyo, koma misonkho ina ngati VAT ikhoza kukhalapo, ndipo mbewu ndi ziweto zimafunabe zilolezo zake. Pa boda ya Mchinji ndi Mwami, imene tsopano mumamalizira zonse pamalo amodzi, pali desiki yothandiza amalonda. Funsani pamenepo, osati kwa anyamata a njinga amene akuti akuzembetserani. Mozambique ndi Tanzania sali mu COMESA, ndiye musatengere za ku Mchinji kupita nazo ku Zobue. Ku Tanzania dziwaninso kuti mu Julaye 2025 boma linaletsa alendo kuchita mabizinesi ang'onoang'ono angapo. Kukagula katundu n'kubwerako ndi nkhani ina, kukatsegula kasaluni ndi inanso. Komanso nthawi ya kumeneko ili patsogolo ndi ola limodzi: ikamakwana 5 koloko ku Songwe, ku Kasumulu ndi 6.

Ndalama zakunja gulani ku banki kapena ku malo ovomerezeka osinthira ndalama, lisiti muike pamodzi ndi pasipoti. Madola kapena marandi opanda lisiti amalandidwa. Osintha ndalama a pa boda ali ndi manja othamanga, amapinda pepala limodzi kuti liwerengedwe kawiri.

Wopita ndi galimoto yake anyamule bulubuku, laisensi, kalata ya apolisi yotsimikiza kuti galimotoyo si yakuba, ndi chilolezo cha MRA choitulutsira kwa kanthawi. Ngati bulubuku ili m'dzina la wina, pakhale kalata ya mwini wake yodindidwa. Tsidya linalo mudzapatsidwa pepala lolowetsera galimoto kwa kanthawi, lomwenso lili ndi tsiku lake lothera, losiyana ndi la pasipoti yanu. Inshulansi ya galimoto ya COMESA, yotchedwa Yellow Card, imagwira ntchito ku Zambia, Zimbabwe ndi Tanzania, koma ku Mozambique mugule inshulansi yawo pa boda, ndipo apolisi a kumeneko adzafuna kuona matrayango awiri ndi jekete yowala.

Mwana aliyense, ngakhale wa kumsana, akhale ndi pasipoti yakeyake. Tengani kalata yake ya kubadwa, ndipo ngati kholo lina latsala kapena mwanayo si wanu, pakhale kalata ya chilolezo yosainidwa pamaso pa wolumbiritsa, ndi fotokope ya chiphaso cha kholo losainalo. Maofesala amakhwimitsa pa ana chifukwa cha ozembetsa anthu, ndipo "ndi mwana wa mchemwali wanga" si umboni. Pasipoti ya mnzanu woti mumafanana nkhope musabwereke, chifukwa mumangidwa nonse awiri.

Pasipoti ikatayika muli kunja, musakhale chete n'kumayembekeza kuti mudzadumpha pobwerera. Pitani kupolisi ya komweko mukatenge lipoti, kenako ku ofesi ya dziko lathu: ku Pretoria kapena Johannesburg, ku Maputo kapena Tete, ku Lusaka, ku Harare, ku Dar es Salaam. Kumeneko amapereka chikalata chobwererera kumudzi. Adzafuna umboni woti ndinu Mmalawi, ndiye musananyamuke jambulani tsamba la chithunzi chanu, fotokope imodzi muike m'chikwama china, ina musiyire wachibale kunyumba. Mukangodindidwa pa boda, jambulaninso chidindocho pa foni n'kumutumizira pa WhatsApp, kuti tsiku lotulukira mulidziwe anthu awiri.